Mutu 6: Dibor Akana Kukwera Bwato

1. Dziko lopanda mwala

Kwathu ku Mbelgor kulibe mwala. Mungayende chisumbu chonse, kuchokera ku mzikiti mpaka kumene amayanika nsomba, simupeza ndi kamwala komwe kogendera galu. Chimene tili nacho ndi zigoba. Madzi a m'nyanja akaphwera, amayi amatola nkhono m'matope n'kuziwiritsa. Nyama amayanika, zigoba amataya kuseri kwa nyumba. Zigobazo ndiye miyala yathu. Timathira m'njira, ndiponso timasakaniza ndi simenti pomanga.

Chaka chimenecho mudzi unkamanga chipinda chatsopano cha sukulu. Kalasi ya Dibor, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, inkaphunzirira m'chisakasa cha mapesi a mchewere. Mvula ikangoti wa, aphunzitsi ankati, "Tsekani makope," basi tsiku lathera pomwepo.

Simenti inalipo, anatumiza ndi ana a m'mudzi ogwira ntchito kutawuni. Amayi anapereka milu yawo yonse ya zigoba, koma inathera m'maziko. Pofika poti aumbe njerwa, kuseri kwa nyumba zonse kunali mbee.

Wapampando wa komiti ya sukulu anali a Biram Sarr, amalume ake a Dibor. Anali munthu wa bwato lalikulu la injini, mawu aakulu, ndi mtima wosakonda kubwerera m'mbuyo. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Ndi iwo amene anatenga Dibor ndi amayi ake, a Tening, n'kuwasunga pakhomo pawo. Izi zinachitika bambo a Dibor, a Latir, atakwera bwato lopita kumaiko a azungu pamodzi ndi amuna ena ambiri a m'mudzi muno. Bwatolo silinafike, ndipo nyanja sinabweze ngakhale mtembo umodzi. Mapemphero a maliro anachitika popanda woika m'manda.

A Biram ndiwo anakumbutsa anthu za Chisumbu cha Milambe. Kumeneko kuli phiri la zigoba lalitali kuposa mzikiti wathu, lomwe anaunjika anthu akalekale. Pamwamba pake pali mitumbira yozungulira, pansi pa milambe ikuluikulu.

"Zigoba zili mbwee, zaulere, ife n'kumalira pano," anatero a Biram pa msonkhano. "Loweruka ana asukulu akuluakulu akwere bwato langa."

2. Chenjezo la mayi Ndella

M'mawa wa Loweruka padoko panali piringupiringu. Anyamata ankakweza mafosholo ndi matumba, atsikana mabeseni. Amayi otola nkhono nawonso ankakankha timabwato tawo topalasa. Mtsogoleri wawo anali mayi Ndella, msuweni wa a Biram. Pa chisuweni, aliyense akudziwa, mulandu palibe. Iwo okha ndiwo ankatha kuwanyoza a Biram pagulu n'kugona tulo.

"Amuna anga, mafosholo onsewa mukukalima panyanja?" anafunsa mayi Ndella.

"Tikukakumba dzenje loti tikutayemo, mkazi wanga, mudzi upumeko," anayankha a Biram.

"Ukumbe lalikulu ndithu, tikalowemo awiri. Koma mimba yakoyo ifunika dzenje lakelake."

Ana anaseka. Mayi Ndella anadikira kuti phwete lithe, kenaka anazika nkhafi yawo mumchenga n'kutembenukira kwa anawo.

"Tamverani ana inu, poti mkulu wanuyu makutu anawaiwala m'chipewa. Phiri lija si dzala. Pansipo ndi zigoba, inde, zomwe anthu anadya nkhono zake n'kutaya monga timachitira ife. Koma pamwamba paja, paliponse pamene muone mtumbira ndi mlambe pambali, pagona anthu. Mayina awo sitiwadziwa, chilankhulo chawo sitichidziwa. Chomwe tikudziwa n'choti ankawerama m'matope omwewa, ndipo msana unkawapweteka ngati wangawu. Ine ndakalambira m'madzi muno, koma sindinatengeko kanthu pa chisumbu chija, ngakhale lambe logwa lokha. Si mantha a mizimu ayi, ine ndimaswali ngati wina aliyense. Ndi ulemu chabe. Munthu akagona sumusolola mphasa. Mukafuna zigoba, palani m'mphepete momwe madzi anagumula kale. Koma fosholo ikangokwera kumtunda mudzakumana ndi eniake, ndipo mwambo wathu mukuudziwa. Woyamba kuona maliro ndiye mwini maliro, sachoka mpaka atakwirira. Musadzati Ndella sananene."

Mwambowo ndi wa asodzi. Nyanja imalavula mitembo ya anthu osadziwika, ndiye makolo anapangana kuti woupeza akhale m'bale wake.

"Tsobola wakale sawawa, Ndella," anatero a Biram uku akukoka chingwe cha injini. "Ana awa akufuna denga, osati nthano."

Dibor anakwera ndi anzake. Denga ankalifuna kuposa aliyense, chifukwa malo ake m'chisakasa muja anali pamene pankadontha kwambiri.

3. Fosholo ikwera kumtunda

Anafika madzi akadali odzaza. Pokocheza panali chikwangwani cha boma, chadzimbiri, mbalame zitachinyera: *Malo otetezedwa. Osakumba, osatenga kanthu.* A Biram anakolekapo malaya awo.

Aphunzitsi a Ndour, omwe anabwera kudzayang'anira ana, anayang'ana kumbali. Ndi iwo omwewo amene anaphunzitsa kalasi ya Dibor kuti mitumbira imeneyi ndi yakale kuposa mudzi wathu, kuposanso mafumu onse a m'buku la mbiri. Ankati lamulo limaiteteza chifukwa ikagumuka palibe angaiumbenso. Koma nawonso anali atatopa ndi choko chonyowa.

Poyamba anapala m'mphepete monga ananenera mayi Ndella. Zigoba za pamenepo zinali zamatope, zolemera, zonunkha. A Biram anatapa dzanja limodzi n'kuzitaya.

"Simenti siigwira pa zinthu ngati izi. Kwerani uko, kuli zoyera."

Anakwera. Kumtunda zigoba zinali zouma, zoyera ngati mpunga wopetedwa, ndipo fosholo inkalowa mosavuta. Anyamata ankakumba m'nthiti mwa mtumbira woyamba, atsikana n'kumatuta m'mabeseni kukathira m'matumba. Wina anayambitsa nyimbo ya ogwetsana, ntchito inayenda ngati masewera.

Dibor ankawolera ndi manja pafupi ndi Ngor, mwana wa a Biram, msuweni wake.

"Ukuwolera ngati nkhuku yodwala," anatero Ngor. "Ndiye iwe ndidzakukwatire? Ndidzafa ndi njala."

"Akwatiwe nawe ndani ndi miyendo ngati nkhafi imeneyo? Kumba apa."

Ngor anazika fosholo, ndipo inalira mosiyana. Panatuluka mapale a mbiya yofiirira. Dibor anawakankhira pambali n'kupitiriza kuwolera. Dzanja lake linakhudza chinthu chozungulira, chosalala. Anaganiza kuti ndi chikho. Anapukuta fumbi ndi chala, ndipo anaona mabowo awiri, kenaka mano.

Sanakuwe. Anangochotsa zigoba pang'onopang'ono. Pafupi ndi chigazacho panali fupa la mkono, litavala chibangili cha mkuwa chomwe chinasanduka chobiriwira. Chibangilicho chinali chaching'ono, choti chikanakwana pa mkono wake.

Nyimbo inazima. Ana anaunjikana patali pang'ono, ena atagwira pakamwa. A Biram anabwera akupuma mwamphamvu chifukwa cha chitunda. Anasuzumira m'dzenjemo.

"Ngor, tenga thumba," anatero. "Uikemo zonsezo. Tikafika pakuya tiponya m'madzi. Ndipo aliyense amve, pano sitinaone kanthu. Boma likangomva, ntchito yaima, ndipo mudzamaliza sukulu mukuvumbwa."

Ngor anatenga thumba. Asanawerame, Dibor analowa m'dzenjemo n'kukhala pansi pakati pa iye ndi mafupawo.

4. Mwini maliro

"Dzuka, Dibor," anatero a Biram.

"Ndaona ndine, amalume."

"Waona chiyani?"

"Maliro. Ndaona ndine woyamba. Sindichoka mpaka nditakwirira."

Anyamata ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kowuma. A Biram anapukuta thukuta pamphumi.

"Mwambo umenewo ndi wa anthu, mwana iwe. Munthu wa mnofu, woti ali ndi abale akumulira kwinakwake. Awa ndi mafupa a anthu omwe sankadziwa n'komwe kuswali."

"Asodzi akapeza munthu mu ukonde amayamba amufunsa ngati ankaswali?"

"Ukundiyankha ine?"

"Ndikufunsa, amalume. Inu munakwirirapo mlendo ku mchenga wa kunyanja yaikulu. Munatiuza nokha kuti munataya nsomba za tsiku lonse, ndipo simunamudziwe dzina."

Dibor anatembenukira kwa aphunzitsi. "Aphunzitsi, si inu munatiuza kuti ikagumuka palibe angaiumbenso?"

A Ndour anayang'ana nsapato zawo. "Ndinatero, Dibor. Koma nkhanizi zili ndi malo ake. Tikakambirana kusukulu."

"Sukulu yake iti? Yomwe tikapondemo munthu uyu?"

Apa mpamene a Biram anakwiya zenizeni. Munthu wamkulu akakwiya zenizeni sakuwa. Anakhala pa thumba la zigoba, n'kuyankhula motsitsa mawu, moti aliyense anamva.

"Mvera, mwana iwe, chifukwa sindibwereza. Tsiku lomwe tinamva za bwato la bambo ako, abale a bambo ako anabwera kudzatenga maukonde ndi injini, koma iwe ndi mayi ako palibe anakutengani. Ndinakutengani ndine. Mpunga womwe wakulitsa pakamwa pakopo ndi wa m'nkhokwe yanga. Anthu ankati mwana wamkazi wamasiye apite kutawuni akachape mbale za olemera. Ine ndinakana, ndinati mwana wa mlongo wanga aphunzire. Lero ndikuthyoka msana kuti uphunzirire pouma, iwe n'kumandichititsa manyazi pamaso pa ana. Ukuganiza kuti ine ndikusangalala kufukula manda? Boma linabweretsa chikwangwani, silinabweretse mwala ndi umodzi womwe. Akufa safuna denga, Dibor, amoyo ndiwo amanyowa. Dziko lino limadya ana ouma mutu. Bambo ako ndinawaletsa pa doko lomwe lija, sanamve, lero ali kuti? Madzi ayamba kuphwera, ndipo bwato lolemera chonchi silidutsa pa mchenga wa pakamwa pa mtsinje tikachedwa. Ndikatsika apa ndikukaliza injini. Ukakwera, nkhani yathera pano. Ukatsala, usadzapondenso pakhomo panga, ndipo za sukulu uiwale."

Aliyense ankadziwa kuti pa Chisumbu cha Milambe palibe chitsime, ndipo afisi amawoloka matope madzi akaphwera.

Dibor ankachita mantha, ndipo misozi inali italengeza. Amalume ake ankawakonda, ndipo zonse zomwe ananena za mpunga ndi sukulu zinali zoona. Koma mawu ake atatuluka anali owongoka.

"Mwafunsa kuti bambo ali kuti. Sindikudziwa, amalume. Mwina nyanja inawalavula pa mchenga wa anthu ena. Tsiku lililonse ndimapempha kuti amene anawapezayo akhale kuti anawafunditsa nsalu, osati kuwaika m'thumba n'kuwabwezera m'madzi. Ndiye ine ndiponye uyu m'madzi? Kwerani. Ine ndili ndi maliro."

A Biram anaimirira. Anatembenuka n'kuyamba kutsika.

"Nonse kubwato."

Ana anatsika mmodzimmodzi. Anzake a Dibor ankacheuka, koma palibe anatsala. Wina anang'ung'udza kuti chifukwa cha mtsikana mmodzi kalasi yonse ipitiriza kunyowa. A Ndour nawonso anatsatira ana. Womaliza anali Ngor. Anagwetsa fosholo ndi botolo lake la madzi pafupi ndi dzenje.

"Ndaiwala zimenezo," anatero osamuyang'ana. "Ndine woiwalaiwala, paja umanena."

Injini inalira, phokoso lake linachepa pang'onopang'ono mpaka kuzimirira kuseri kwa mitengo ya m'matope.

5. Ntchito ya munthu mmodzi

Dibor anali asanaikepo maliro. Kwathu ntchito imeneyo ndi ya amuna, akazi amatsala kunyumba. Anachita zomwe ankamva kuti zimachitika. Anasamba m'manja ndi madzi pang'ono a m'botolo. Anabwezera fupa la mkono momwe linalili, chibangili chili pomwepo, ndipo mapale a mbiya anawaika pambali pa mutu. Kenaka anamasula duku lake n'kuphimba nkhope ija.

"Pepani, takudzutsani," anatero. "Dzina lanu sindilidziwa. Ine ndine Dibor, mwana wa Latir."

Vuto linali lokwiririra. Zigoba zomwe zinachoka pa mtumbirawo zinali zitapita ndi bwato. Kupala pa mtumbira wina kukanakhala kuvula munthu kuti uveke mnzake. Choncho anatenga beseni n'kutsikira m'mphepete, kukatapa zamatope zija zomwe a Biram anazikana.

Anakwera, anathira, anatsika. Anakweranso. Zigoba zinamucheka zala ndi zidendene, matope amchere n'kumalowa m'mabalamo. Dzuwa linafika pamutu n'kupendeka. Madzi a m'botolo anatha. Dzenje lomwe anyamata anakumba akuimba linkameza beseni lililonse ngati silinalandire kanthu.

Nthawi ina anakhala pansi pa mlambe n'kulira ndithu, kulira kwa mwana, mamina ndi misozi. Atatha anamina, n'kunyamulanso beseni.

Madzi atayamba kubwerera, anamva nkhafi zikugunda m'mbali mwa bwato. Anali amayi otola nkhono, akubwerera kumudzi ndi madengu odzaza. Mayi Ndella anali ataona munthu akukwera ndi kutsika phiri yekhayekha, ndipo anakhotetsa bwato.

Anakwera chitunda akudandaula za maondo. Anayang'ana dzenje, anayang'ana mutu wa Dibor wopanda duku, anayang'ana manja ake.

"Ine ndinati ana amve," anatero. "Sindinati mwana atsale pa chisumbu ngati mbuzi yoiwalika. Chimimba uja wakusiya?"

"Ndatsala ndekha, azakhali."

"Watsala wekha. Mutu ngati wa bambo ako." Anamupatsa chipanda cha madzi ndi nkhono zouma za m'thumba la chitenje. "Idya. Mwini maliro sagwa ndi njala, amachititsa manyazi womwalira."

Kenaka anaitana anzawo. Amayi aja anali atawerama m'matope tsiku lonse, koma palibe anafunsa kawiri. Anaima mzere kuchokera m'mphepete mpaka kumtunda, beseni n'kumayenda m'manja. Maliro n'kulirana. Dzenje linadzaza, ndipo mtumbira unabwerera, ngakhale unali ndi chigamba chakuda m'nthiti.

Ali m'bwato, mayi Ndella anayankhula uku akupalasa.

"Usadzitame, mwana iwe. Wachita bwino, koma wachita chophweka. Kukwirira ndi ntchito ya tsiku limodzi, kulondera ndi ntchito ya moyo wonse. Msuweni wanga ndimamudziwa, tinakulira mbale imodzi. Ukamutsekera khomo amalowera pazenera. Zigoba zomwe watenga lero sizikwana ngakhale khoma limodzi, ndiye abwereranso, ndipo ulendo uno sabwera ndi ana. Komanso anzako omwe uzikhala nawo pamvula sadzakuombera m'manja. Adzati Dibor anasankha mafupa kusiya ife. Uyenera kudzakhala ndi yankho, chifukwa nawonso sakulakwa. Sukulu imangidwe ndithu, koma zigoba zake zichoke kwina, ngakhale zitatenga nyengo ziwiri tikutola. Zimenezo uzikanena ndi ulemu. Amalume ako ndi amalume ako, usadzawatukwane. Kukana ndi kunyoza ndi zinthu ziwiri zosiyana."

"Ndamva, azakhali."

"Wamva chiyani, makutu ali odzaza matope."

6. Mitolo pa chipata

Anakocheza nthawi ya swala ya madzulo. Bwato la a Biram linali padoko, matumba atatsitsidwa kale. M'katimo munali mutaikidwa mapiki ndi mafosholo ambiri kuposa a m'mawa. Mnyamata wolondera anati a Biram alemba amuna a m'mudzi woyandikana nawo, ndipo anyamuka mawa madzi akangodzaza.

Nkhani inali itafika kale paliponse. Dibor akudutsa, amayi ankasiya kusinja, ana ankamuloza. Pa sitolo wina anati, "Uyo mwini maliro," anthu n'kuseka. Iye anayenda osacheuka, zidendene zikusiya timadontho ta magazi pa zigoba za m'njira.

Chomwe ankaopa kwambiri si anthuwo ayi, koma amayi ake. A Tening anali munthu wofatsa, wosakweza mawu m'nyumba ya mlongo wawo. Ankadzuka woyamba, kudya womaliza, ndipo malangizo awo kwa Dibor anali amodzi tsiku lililonse: pakhomo pa eni umayenda chonyang'ama.

Pa chipata cha mpanda wa a Biram panali mtolo womangidwa m'chitenje, makope akusuzumira pakona. Dibor anauzindikira. Amalume sananene zocheza.

Koma pambali pake panali mtolo wina, waukulupo, poto ndi mphasa yoswalira zili pamwamba. A Tening anali atakhala pa mtolowo, manja ali pamaondo.

"Amayi, akuthamangitsani chifukwa cha ine?"

"Sanandithamangitse. Wako anatulutsa ndi iwo, wangawu ndatulutsa ndekha." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Duku lili kuti?"

"Ndafunditsa maliro."

"Nkhope yonse?"

"Yonse, amayi."

A Tening anagwedeza mutu movomereza. Anaimirira, n'kumusenzetsa Dibor mtolo wake, iwo n'kusenza wawo.

A Biram anatulukira pa khonde. Ankaoneka otopa, ngati munthu amene sanadye.

"Tening, usachite misala ya mwana. Iye apepese, alowe, tidye. Iwe ukupita kuti? Uli ndi ndani m'mudzi muno kupatula ine?"

"Achimwene, mwatisunga, ndipo Mulungu akubwezereni," anayankha a Tening. "Koma mwanena pamaso pa ana kuti munthu aikidwe m'thumba aponyedwe m'madzi. Ine sindingameze mpunga lero m'nyumba ya munthu amene watulutsa mawu amenewo."

"Ukadutsa chipata chimenecho, Tening..."

Anali atadutsa kale.

Dibor anawatsatira. Amayi ake sankalowera kudoko kapena kwa mayi Ndella. Ankalowera kumadzulo kwa mudzi, kumene kuli nyumba zambiri zopanda amuna.

"Amayi, tigona kuti?"

"Funso limenelo atiyankha amene atitsekulire. Bwato la bambo ako linanyamula amuna ambiri, ndipo aliyense anasiya mkazi kapena mayi. Tonsefe tilibe manda oti tikasese. Tiwauza zomwe zachitika, khomo ndi khomo. Mawa amalume ako akamafika ndi mapiki awo, akatipeze titakhala pa mitumbira ija. Afukule atayamba atinyamula ife."

"Nanga akakana kubwera?"

"Tikakhala awiri."

Anafika pa nyumba yoyamba. Chitseko chinali chotseka, ndipo m'katimo munkamveka supuni zikugunda mbale. A Tening anatula mtolo, anakonza chitenje, n'kuodira.

Supuni zinasiya kulira.

"Ndani?" anafunsa mawu a mayi m'katimo.

Chiyambire tsiku la mapemphero a maliro aja, Dibor anali asanamvepo amayi ake akutchula dzina la bambo ake. A Tening anakweza mawu, moti ndi a nyumba zoyandikana omwe anamva.

"Ndine mkazi wa Latir. Tsekulani, tili ndi maliro."